Njinga ya kabaza yogwa pa msewu wa ku Lifuwu: ikuzungulira koma sikulira

Njingayi ndi ya 150cc, injini ya mtundu wa CG, ija mavalavu ake amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo m'malo mwa tcheni cha taimingi. Ili ndi kabureta, CDI (kabokosi kotumiza moto ku pulagi) ya mawaya asanu, sitata ndi kiki. Injini zotere, zotengera Honda CG125 yomwe inatuluka mu 1975, n'zosasowa m'masiteji a kabaza kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay.

Mwini wake akuti inaterereka pamchenga pa msewu wafumbi wochokera ku Lifuwu, itasenza matumba awiri a mpunga, ili mu giya 3. Inagwera kumanja. Tcheni chinavuka n'kukakamira pakati pa sipuloketi ndi felemu, tayala lakumbuyo n'kuima pomwepo, injini n'kuzima. Inakhala chigonere pafupifupi theka la ola, kampopi ka petulo kali kotsegula, anthu ali kalikiliki ndi wovulala komanso mpunga. Atayidzutsa anafinya sitata mpaka batire kutheratu, anaponda kiki, anaikankha, koma osalira. Yafika pa galaji ili pa lole. Pa zonse wanenazi talemba zitatu: mbali yomwe inagwera, tayala loima mwadzidzidzi ili mu giya, ndi kampopi kosatseka.

Lolemba m'mawa

Batani la sitata sitinalikhudze. N'zoona kuti kumsewu anali ataizunguza kale, koma kampopi kafika kuno kadakali pa ON, ndipo petulo akadzadza pamwamba pa pisitoni sapanikizika ngati mpweya. Mukakakamiza, chopindika ndi konirodi, mkono wachitsulo wogwira pisitoni. Tachotsa pulagi ndi sipanala ya 18, yatuluka yakuda bii, yonyowa. Taphimba bowo lake ndi kansanza, kiyi ali pa OFF, n'kuponda kiki kakhumi. Kansanzako kanyowa petulo wosakanikirana ndi oyilo, wosaposa supuni imodzi. Pisitoni ikukwera ndi kutsika bwinobwino, palibe pomwe ikugogoda kapena kukakamira.

Oyilo pa kamtengo koyezera wapitirira mzere wapamwamba, ndi wopyapyala ngati madzi, akununkha petulo. Kabureta ikapendekeka, kansingano ka fuloti, kotseka petulo kabureta ikadzadza, sikatseka, ndiye petulo amangoyenderera, kudutsa pa valavu yolowetsa, kutsetsereka m'mbali mwa maring'i mpaka kukafika pansi pa injini. Tamasula chivindikiro cha 24 chakumanzere m'munsi, chija chimatuluka ndi sipuling'i ndi kasefa. Watuluka malita 1.3, pomwe injiniyi imamwa pafupifupi lita imodzi. M'kasefamo mulibe tizitsulo. Tathira lita imodzi ya 20W-50 watsopano.

Bokosi la fyuluta ya mpweya talipeza lili ndi oyilo pansi, wobwera kudzera m'kapaipi kopumira injini pamene njinga inali chigonere. Siponji yake inali nyowe, mchenga utamatirira kunja konse. Siponji yotere siipitsa mpweya, njinga imangomwa petulo yekha n'kunyowetsa pulagi. Taichapa ndi sopo, taiyanika, kenaka taidonthezera oyilo pang'ono n'kuifinya m'dzanja. Osaipotokola ngati chovala, imang'ambika. Ena amangoichotseratu kuti njinga ipume. Kuno ku Salima, ndi mchenga wathuwu, kutero n'kuitana maring'i atsopano.

Batire lawerenga 11.8V. Talisiya pa tchaja.

Lolemba masana

Tasolola paipi ya petulo pa kabureta n'kuilozetsa m'botolo loonekera mkati. Pa ON akutsika mosadukiza, pa RES (pa rizevu) chimodzimodzi, ndipo kutsegula chivindikiro cha thanki sikukusintha kanthu, kusonyeza kuti kabowo kake kopumira sikanatsekeke. Botolo litakhazikika, pansi pake paoneka timadontho ta madzi ndi tinyenyeswa ta dzimbiri. Zinyalalazi zimakhala zili phee pansi pa thanki kwa miyezi, makamaka kwa amene amathira petulo wa m'zigubu akasowa pa filing'i siteshoni, ndipo kugwa kumazivundula zonse nthawi imodzi.

Kabureta taitsitsa. M'kabakuli kake munali matope ofiirira. Fuloti taigwedeza pakhutu, mulibe petulo mkati, sinabooke. Kansingano nsonga yake ndi yosalala. Jeti yaikulu ikuonetsa kuwala, koma jeti yaing'ono, yomwe ndiyo imadyetsa injini poliza ndi pa aidulo, inali yotsekeka kotheratu. Taitsegula ndi kaulusi kamodzi ka kopa kochokera m'waya wamagetsi, n'kuipemerera mpweya. Singano yosokera kapena waya wachitsulo zimakulitsa bowo, ndipo jeti ikakula siibwereranso. Sikuluu ya mikisicha, tisanaichotse, taitseka pang'onopang'ono tikuwerenga: inali yotsegula kamodzi ndi makota atatu. Taibwezera pomwepo.

Madzulo batire lafika 12.6V. Pofinya sitata likutsika kufika 10.8V, injini ikuzungulira mwaliwiro, koma osatsokomola n'komwe. Tadonthezera petulo pang'ono pa bowo la pulagi, kubwezera pulagi, kuyesanso: zii. Injini yokhala ndi moto ndi kompuleshoni imayenera kuphulika ngakhale kamodzi ikapatsidwa petulo chotere. Nkhani yachoka ku petulo, yapita ku moto.

Lachiwiri m'mawa

Pulagi yatsopano, NGK D8EA, mpata wake 0.7 mm. Taigoneka pa zipsepse za hedi n'kuzunguza: palibe moto. Tamasula kapu n'kuyandikiza waya wa koyilo pa 6 mm kuchokera pa hedi: palibenso. Apa m'pamene ambiri amathamangira kukagula CDI, ikakanika n'kugula koyilo, ikakanikanso n'kugula siteta, makoyilo opanga magetsi m'kati mwa injini. Mita yoyezera magetsi imayankha funso lomweli m'mphindi khumi.

CDI ya mtunduwu siitenga moto ku batire. Imadyetsedwa ndi koyilo yake ya mu siteta, ndiye sitata kuzungulira bwino sikunena chilichonse za moto wa pulagi. Mawaya ake asanu nthawi zambiri amatsatira mitundu ya Honda. Wakuda wa mzere wofiira ndi wobweretsa moto kuchokera mu siteta. Wabuluu wa mzere woyera ndi wa pickup, kakoyilo kouza CDI nthawi yoombera. Wakuda wa mzere wachikasu amapita ku koyilo ya pulagi, wobiriwira ndi ethi (wolumikiza ku felemu), ndipo wakuda wa mzere woyera ndi wozimitsira. Wotsirizayu amagwira ntchito mosiyana ndi momwe ambiri amaganizira. Kiyi akakhala pa OFF, kapena switchi yofiira ya pa handulo ikakhala pa OFF, wayayo amalumikizidwa ku ethi ndipo moto wa CDI umathawira m'felemu. Kutanthauza kuti akangosupuka penapake n'kukhudza chitsulo, njinga imakhala yozimitsidwa ngakhale kiyi ali pa ON.

Tasolola cholumikizira cha CDI n'kuyeza mbali ya mawaya. Wakuda-wofiira ndi ethi: 380 ohm, ndipo pozunguza ndi sitata akutulutsa moto wa AC wopitirira 50V. Wa pickup ndi ethi: 130 ohm. Wobiriwira ndi felemu: mita ikulira, kusonyeza kuti n'zolumikizana, ethi ili bwino. Koyilo ya pulagi mbali yolowera yawerenga pansi pa 1 ohm, kapu payokha 5 kilo-ohm. Zonsezi n'zabwino. Wakuda-woyera ndi ethi, kiyi ali pa ON, switchi ili pa RUN: mita ikulira. Siyenera kulira.

Kuti titsimikize, tatulutsa waya yekhayo m'cholumikizira n'kubwezera ena anayiwo. Moto wabwera, wabuluu, ukudumpha 7 mm. Chatsala n'kupeza pomwe wagwira shoti. Tasolola cholumikizira cha kiyi kuseri kwa nyali yakutsogolo, mita ikulirabe. Tasolola cha switchi ya kumanja, yakhala chete. Titatsegula switchiyo tapeza kuti pogwa inazungulira pa handulo, kamsomali kake koigwirizira kanathyoka, ndipo waya anapanikizika pakati pa pulasitiki ndi chitsulo cha handulo. Chikopa chake chinadulika pang'ono chabe, ngati pocheka ndi lezala, tiulusi tiwiri ta kopa titatulukira. Tadula pamenepo, talumikiza ndi soda, tavala kapaipi kofota ndi kutentha, n'kudutsitsa wayayo m'ngalande yake.

Waya wozimitsirayu tamubwezera mu CDI. Kumusiya wosolola kuti njinga izingolira n'kolakwika kawiri: kiyi saizimitsanso, ndipo aliyense wodutsa pa siteji angailize ndi kiki n'kumapita.

Lachiwiri masana

Petulo alipo, moto ulipo, mpweya ukulowa. Tchoko, sitata: yaphulika "phu!" kudzera mu kabureta, kenaka sitata yaima ngati yagunda khoma. Kachiwiri chimodzimodzi. Pa kiki, mwendo wabwezedwa mwamphamvu. Tasiyira pomwepo. Injini yobweza chotere imaswa mano a magiya a sitata ndi kilatchi yake ya njira imodzi, ndipo imathyola akakolo a woponda.

Lachitatu

Kuphulikira mu kabureta kuli ndi magwero atatu odziwika: petulo wochepa poyerekeza ndi mpweya, valavu yolowetsa yosatseka, kapena moto woomba nthawi yolakwika. Petulo wochepa amatsokomoletsa, koma sabweza kiki mwaukali chonchi, choncho tayamba ndi mavalavu.

Kompuleshoni, injini yozizira, mafuta a pa handulo otsegula mpaka kumapeto: 10.5 bar. Mukayeza mafuta ali otseka geji imawerenga motsika n'kukunamizani kuti maring'i atha. Pa 10.5 palibe valavu yopindika. Tatsegula chivindikiro cha hedi, timitengo tonse tiwiri tili m'malo mwake, tikuzungulira ndi zala popanda kupotoka. Ikanakhala injini ya tcheni cha taimingi, monga ya Boxer, tikanakayikira kuti tchenicho chadumpha dzino. Pa CG kamu imayendetsedwa ndi giya, palibe chodumpha.

Chatsala ndi nthawi ya moto. Pa injini izi taimingi siisinthika ndi sikuluu. Pickup ndi yomangidwa pa kava, ndipo kachitunda koidzutsa kali pa magineto, chigudumu cholemera chokhala ndi maginito. Magineto imakhala pa nsonga yosongoka ya kiranki, shafiti yomwe pisitoni imazunguza, ndipo chomwe chimailoza malo ake ndi kakiyi kakang'ono kooneka ngati theka la mwezi. Kiranki ikaima mwadzidzidzi, monga pamene tcheni chinakakamira njinga ili mu giya, magineto ndi kulemera kwake imafuna kupitirira. Ikakhala kuti sinamangidwe zolimba, imameta kakiyiko n'kusuntha. Moto umakhalapo, wokongola ndithu, koma umaomba pisitoni isanafike pomwe iyenera kukhala.

Vutoli limabisala chifukwa zizindikiro T (pisitoni ili pamwamba) ndi F (nthawi yoomba moto) zili pa magineto yomweyo. Ikasuntha, zimasunthira limodzi ndi kachitunda kaja. Ngakhale mutawalitsa nyali ya taimingi, idzakuonetsani moto ukuomba pa F ndendende, ngati zonse zili bwino. Chofunika n'kufunsa pisitoni yeniyeniyo.

Tatsegula tizivindikiro tiwiri ta pa kava yakumanzere, kapakati kozunguzira ndi kapamwamba koonera zizindikiro. Pa bowo la pulagi talowetsa kansungwi kosalala, osati sikuludiraiva, yomwe imakanda pisitoni ndi mazinga a pulagi. Tazunguza kiranki ndi soketi mobwerera kumanzere, momwe injini imayendera, pa sitiroko yomwe mavalavu onse ali otseka. Pamwamba penipeni pisitoni imakhala ngati yaima kwa kanthawi, ndiye n'kovuta kuloza ndi maso. Njira yake ndi iyi: lembani mzere pa kansungwi pisitoni ikatsala pang'ono kufika pamwamba, ikani kadontho ka penti pa magineto kudzera pa kabowo koonera, pitirizani kuzunguza mpaka kansungwi katsikenso kufika pa mzere womwewo, ikani kadontho kachiwiri. Pakati pa timadontho tiwirito ndiye pamwamba penipeni. Chizindikiro T chiyenera kukhala pamenepo.

Sichinali pamenepo. Pisitoni ili pamwamba, T ndi F zonse zinali zitadutsa kale pa kabowo. Tabwereza kawiri, yankho lomwelo.

Mavalavu tawatchera pisitoni ili pamwamba pomwe tapezapa, osati pa T yonamayo. Yolowetsa inali 0.08 mm, yotulutsa 0.11 mm. Zonse taziika pa 0.08 mm.

Lachinayi

Magineto ya injini ya sitata imasambira mu oyilo, choncho takhuthulira oyilo wa Lolemba uja m'beseni loyera n'kuvindikira. Tachotsa chopondera magiya, kava ya sipuloketi, kenaka mabawuti a 8 a kava yakumanzere, aliyense tikumubaya pa katoni molingana ndi malo ake chifukwa sali ofanana kutalika. Kavayi imakana kutuluka chifukwa maginito amakoka siteta, musaganize kuti mwaiwala bawuti. Gasiketi yang'ambika, monga imachitira. Samalani timapaipi tiwiri tolozera kava, komanso giya yaing'ono ya sitata ndi kashafiti kake, zomwe zimakonda kugwera pansi.

Magineto ili poyera, tayeza kuchokera pa T kufika pakati pa timadontho ta dzulo: 20 mm. Magineto iyi ndi pafupifupi 11 cm m'mimba mwake, kuzungulira konse pafupifupi 35 cm, ndiye milimita imodzi ndi pafupifupi digiri imodzi. Moto umaomba madigiri 20 msanga kuwonjezera pa kufulumira komwe unapangidwira. Pa liwiro la kiki pisitoni ilibe mphamvu yopyola kuphulika koteroko, imabwerera kumbuyo, utsi n'kutulukira ku kabureta.

Bawuti lapakati lamasuka mosavuta kwambiri, ndipo pamutu pake pali zipsera za tchizulo. Wina analimangapo kale pomenya. Magineto taigwira ndi lamba wogwirira, osati kupanikiza sikuludiraiva m'mano a giya. Poitulutsa tagwiritsa pula, chida chozulira, yolowa m'mazinga a pakati pa magineto. Hamala imaswa maginito ndipo imapotoza kiranki, pomwe pula ya miyendo itatu imapinda m'mphepete mwake. Titamanga pula yalira "kha!" n'kumasuka.

Kakiyi kametedwa pakati, theka latsalira m'ngalande ya kiranki, theka m'ngalande ya magineto. Tatulutsa zidutswazo ndi kapanchi kakang'ono. Ngalande ya kiranki sinakule, m'mphepete mwake mukadali mowongoka, ndipo apa mwini njinga wapulumuka, chifukwa ngalande ikaphwasuka nkhani imafika pong'amba injini yonse. Pa nsonga yosongoka pali mikwingwirima iwiri yozungulira pomwe magineto inakhuzika.

Kakiyi sikanyamula mphamvu ya injini, kamangoloza malo. Chogwira ndi kukumbatirana kwa nsonga yosongoka ndi bowo la magineto. Mukangoika kakiyi katsopano pa nsonga yokandikayi, kadzametedwanso, makamaka poti sitata imazunguza kiranki kudzera pa magineto yomweyi. Choncho tapaka phala lopalira mavalavu, losalala lija, pang'ono pa nsongayo, taveka magineto popanda kakiyi, n'kumaipotoza uku ndi uku ndi dzanja kwa mphindi zisanu, tikuitukula n'kuisuntha malo pafupipafupi. Nsonga yonse yasanduka yotuwa mofanana. Tatseka ndi nsanza mabowo olowera m'injini, n'kutsuka mbali zonse ziwiri ndi petulo mpaka kansalu koyera kutuluka koyera. Phala limeneli likalowa mu oyilo limadya mabering'i. Pamenepa sipapakidwa girisi kapena oyilo, pamafunika pouma.

Kakiyi katsopano n'kogula, kolowa mothina pogogoda pang'ono. Kosula kuchokera ku msomali kamakhala kogwedera, ndipo kugwederako ndi madigiri otayika. Msana wake uyenera kugona molingana ndi kutsetsereka kwa nsonga. Kakadzutsa mutu kutsogolo, magineto imakakankhira kunja polowa, inu osaona.

Tisanabwezere tayesa kilatchi ya sitata kuseri kwa magineto: giya yaikulu ikuzungulira momasuka mbali imodzi, mbali inayo ikugwira nthawi yomweyo. Yapulumuka ku kubweza kwa Lachiwiri kuja. Polowetsa magineto tazunguza giyayo pang'onopang'ono kuti timarola tikwere bwino. Bawuti talipaka mankhwala ogwiritsa mazinga n'kulimanga ndi sipanala ya toki pa mlingo wa m'buku la injiniyi. Kansungwi kabwereranso pa bowo la pulagi: T yagwera pakati pa timadontho tatsopano. Gasiketi yatsopano, kava, oyilo.

Lachisanu

Tchoko, sitata, kufinya kwachiwiri yalira. Kwa mphindi zingapo ekizozi yafuka utsi wabuluu, oyilo amene analowamo pogwa akupsa, kenaka wayera. Kiki siikubwezanso.

Koma itatentha, kutsegula tchoko ikuzima, ndipo mukaonjezera mafuta n'kusiya, marevu akuchedwa kutsika. Izi ndi za mpweya wolowera pambali. Tagwira kabureta ndi dzanja injini ikulira n'kuitukula pang'ono, marevu asintha. Labala yolumikiza kabureta ku hedi ili ndi mng'alu kunsi kwake, wautali ngati 15 mm, wosaoneka mukayang'ana pamwamba, umatseguka pokhapokha mukaipinda. Bokosi la fyuluta litakankhidwa pogwa, ndi labalayi yomwe inalandira mphamvu yonse. Lolemba potsitsa kabureta sitinaitembenuze, ndipo tinayenera kutero. Kumata ndi guluu kapena kukulunga chubu kumagwira masiku ochepa, kutentha kwa hedi ndi petulo zimamatula, ndipo mng'alu woterewu umayamwa fumbi losadutsa pa fyuluta. Taika yatsopano pamodzi ndi kalabala kake kozungulira ka pa hedi.

Tsopano ikukhala pa aidulo popanda tchoko. Sikuluu ya mikisicha taisuntha kota kota kufuna pomwe injini ikulira mokhazikika, yakhala pomwe inali, kamodzi ndi makota atatu. Aidulo taika pa 1,400. Pa batire, marevu atakwera, mita ikuwerenga 14.1V, siteta ikutchaja. Kiyi akuzimitsa, switchi yofiira ikuzimitsa, ndipo kupotoza handulo mbali zonse injini ikulira sikukuidula moto.

Loweruka

Tisanaitulutse tayang'ana zoyendera. Mafoloko anali atapotoka m'zogwirira zake, tayala likuloza kumanzere handulo ili chowongoka. Tamasula mabawuti ogwira mafoloko, tapana tayala ndi mawondo n'kuwongola, tamanganso. Mapaipi a mafoloko sanapindike. Tcheni chili ndi mfundo zitatu zouma pomwe chinakakamira, ndipo mano awiri a sipuloketi yakumbuyo anapindika, choncho tasintha tcheni ndi masipuloketi onse awiri pamodzi, n'kusiya kulendewera kwa 2 mpaka 3 cm pakati. Chogwirira buleki yakutsogolo chinathyoka nsonga, tasinthanso.

Yayenda makilomita 15 pa tala wa ku Senga Bay, magiya onse, osanyamula katundu. Ikukoka bwino, sikuphulika posiya mafuta, ndipo yotentha ikulira ndi kufinya kumodzi. Pulagi yatuluka yofiirira ngati tiyi wamkaka. Pa kava yakumanzere palibe kudontha.

Thanki sitinaitsukebe. Pakadali pano taika kafyuluta koonekera mkati pa paipi ya petulo, ndipo pa makilomita 15 okhawa kagwira kale tinyenyeswa ta dzimbiri. Lolemba tiitsitsa, tiikhutchumule ndi timanati m'kati, tichotsenso kampopi kuti tione kasefa kake. Oyilo asinthidwe pa makilomita 500, chifukwa petulo wotsalira m'makona a injini wasakanikirana naye, ndipo tsiku lomwelo kansungwi kalowenso pa bowo la pulagi kuti tione ngati T idakali pamalo pake.